Chipinda cha Marta

Zione mwana wanga,

Mawa m'bandakucha, galimoto ya katundu ikamanyamuka, ine ndidzakhala ndikadali ku wodi. Ndinakuuza kuti andiika pa shifiti ya usiku ndipo palibe chimene ndikanachita. Si zoona. Ndinachita kupempha ndekha kuti tisinthane ndi mnzanga, chifukwa pali nkhani imene yandikanika kukuuza pamaso. Ndimadzidziwa ine. Ndikanaima pakhomo ndikanangoyamba za majuzi a Tamanda ndi mphepo ya ku Galway, nkhani yeniyeniyo n'kuimeza. Ndiye ndakhala pa tebulo la kukhitchini masana ano, iwe uli m'tauni kukasaka makatani, ndipo ndikulemba. Uwerenge mukafika, mwana atagona.

Dzulo tikukulunga matambula m'nyuzipepala unatchula za Lena, mtsikana wa ku Germany amene akubwera kudzakhala nanu sabata yamawa kuti azikuthandiza ndi Tamanda ukayamba ntchito. Unati, "Ine Mami sindidzamulekerera ngati mmene munachitira ndi Marta wanu uja. Ma au pair awa ukawasekerera amakukwera pamutu. Azigona mu box room, kachipinda kakang'ono kaja, limodzi ndi kabedi ka Tamanda, ndipo alendo akabwera azisuntha." Bambo a Tamanda anagwedeza mutu kuvomereza. Ine ndinaseka nawo. Mawu amenewo ndi anga, Zione, ndinakudyetsa ndine. Marta sunamuonepo, chifukwa nthawi imeneyo unali ukadali ku Malawi ukumaliza maphunziro aunamwino. Chimene umadziwa ndi chimene ndinakuuza utafika kuno, kuti anali wosayamika, anathawa kutsatira mwamuna n'kundisiya ndili pa maliro. Tsopano mwana wa eni amene sanakulakwire kanthu akubwera kudzalipira nkhani imene ndinapeka ine. N'chifukwa chake ndikulemba, ndipo manyazi andigwira mpaka m'zala.

Chinali chaka chimene sitima ya m'tauni ija ya Luas inayamba kudutsa pafupi ndi chipatala chathu. Dublin yense anali fumbi ndi zomangamanga, aliyense akugula nyumba, ndipo malo osungirako ana masana anali odzaza kulikonse. Mlongo wako Mayeso anali atangoyamba kumene sukulu, ankaweruka dzuwa likadali pamutu. Bambo ako anali pa maphunziro awo aja, Loweruka ndi Lamlungu n'kumalondera pamalo oimika magalimoto. Ine ndinkatuluka kudakali mdima n'kubwera kutada. Nesi mnzanga wa konkuno ndiye anandiuza kuti, bwanji osatenga au pair? Anandipatsa nambala ya mayi wina amene ntchito yake inali yolumikiza atsikana otere ndi mabanja.

Ndikuuze kaye chimene au pair ali, chifukwa ine ndinamulandira ndisakudziwa, ndipo safunsa anadya phula. Si wantchito ngati aja tinali nawo ku Chilomoni. Si nesi, si mphunzitsi. Ndi mwana wa anthu amene wamaliza sukulu kwawo, akufuna kuona dziko lina ndi kuphunzira Chingerezi. Iwe umamupatsa chipinda chakechake, amadya nanu pa tebulo limodzi, ndipo sabata iliyonse umamupatsa kandalama ka m'thumba. Iye amakuthandiza ndi mwana kwa maola amene mwagwirizana: kumuveka, kumudyetsa, kusewera naye, kuchapa tizovala take, ndipo mwa apo ndi apo kukhala naye madzulo inu mukatuluka. Maola akatha, atha. Amapita ku kalasi yake ya Chingerezi, ali ndi masiku ake opuma, ndipo kumene akupita pa masikuwo si nkhani yako. Zonsezi mayi uja anandiuza bwinobwino pa foni, ine ndikumanga zingwe za nsapato. Koma pa zonse zimene ananena ndinangotola chimodzi, chakuti ndimutenge ngati mwana wa m'nyumba. Mumtima ndinati, ameneyu akufuna kuphunzitsa Mmalawi kulera mwana wa mnzake? Ife amene timati mwana wa mnzako ngwako yemwe? Ndinadula foni ndikudzimva katswiri.

Marta anachokera ku Spain. Kanali kamtsikana kochepa thupi, sutikesi yake kuposa mwini wake, ndipo kanatibweretsera tchizi chonunkha chimene bambo ako anadya chifukwa cha ulemu basi. Ndinakamulandira ndekha ku eyapoti, ndinamuikira maluwa m'chipinda, ndinamuuza kuti azinditchula Amayi. Pamenepo ndinachita bwino, ndipo nawenso ukachite chimodzimodzi. Masiku oyamba ankalira akamaliza kulankhula ndi kwawo. Lena nayenso adzalira, usadzaganize kuti wamulakwira kapena kuti akunyansidwa nanu. Iwe unalira mwezi wathunthu utafika kuno, n'kumati dzuwa la kuno ndi la chithunzi.

Ndinayamba kulakwa pa tebulo. Ndinkanyadira kuti sitimutumiza kukadyera kukhitchini, amakhala nafe, mbale yake yofanana ndi yathu. Koma ukudziwa mmene pakamwa pamatopera ndi Chingerezi ukachilankhula tsiku lonse ku wodi. Ndikangokhala pansi, ine ndi bambo ako timayamba Chichewa, nkhani za kumudzi, za mitengo ya feteleza, za uje amene wasiya mkazi, n'kumaseka mpaka kutsamwa. Marta amakhala pakati pathu akutembenuza mutu uku ndi uku, akumwetulira pamene taseka. Womulankhula Chingerezi anali Mayeso yekha, ndiye mtsikana amene anawoloka nyanja kudzaphunzira ankaphunzira kwa kamwana kamene nkhani zake zonse zinali za magalimoto ozimitsa moto. Tsiku lina anagwetsa supuni n'kunena kuti, "Mayo ine!" Tinaseka mpaka misozi, ine n'kuimbira foni azakhali ako kuwauza kuti mzungu wanga wayamba Chichewa. Sizinandibwerere m'mutu kuti pa miyezi yonseyo ndi zokhazo zimene tinamupatsa. Tamanda uzimulankhula Chichewa, asadzakhale ngati Mayeso amene ndimamufunsa m'Chichewa n'kundiyankha m'Chingerezi. Koma pa tebulo, Lena atakhala pomwepo, lankhulani chimene aliyense akumva. Ndicho wadzera.

Ndinalakwanso pa kutuma. Kwathu mwana alibe wotchi, ukamuona wakhala ndiye kuti manja ake ndi ako. Marta, tandipatsira madzi. Marta, tathamangira ku shopu ukagule mkaka. Marta, poti wangokhala, tandisendera anyeziwa. Sindinkamukalipira, ndinkamutuma mwachikondi ngati mmene ndimakutumira iwe. Lamlungu linali tsiku lake lopuma, koma ndinkamugogodera m'mamawa kuti mwana wa m'nyumba yanga satsala kunyumba ena akupita kukapemphera. Mapemphero athu uwadziwa, sakhala ndi mathero. Azimayi atazindikira kuti amadziwa kusewera ndi ana anayamba kumusiyira awo, ndiye iye amene anabwera kudzasamala mwana mmodzi amathera Lamlungu kumbuyo kwa holo ndi ana a mpingo wonse. Sanakanepo. Ine ndinkati ndi waulemu. Lero ndikudziwa kuti munthu amene amadya kwanu, amagona kwanu, ndipo chilankhulo sachidziwa bwino, mawu oti ayi samutuluka msanga. Iwe ndiwe nesi, ndipo shifiti ya nesi simatha pa nthawi yake. Mukangolandira ndondomeko ya sabata ukhale naye pansi, mugwirizane maola. Ukachedwa umuimbire, ndipo nthawi imene wamudyera umubwezere tsiku lina. Ufunse, Zione. Kutuma ndi kufunsa si chinthu chimodzi, ngakhale utawonjezerapo chonde.

Pali cholakwa china chimene bambo ako amasekabe mpaka pano, ngakhale ine sindiseka nawo. Loweruka lina Marta anapita kukavina ndi anzake a ku kalasi n'kugona kwa mmodzi wa iwo. Anandilembera uthenga pa foni, ndinauwerenga, koma sizinanditonthoze. M'mawa atafika ndinamukhazika pansi n'kuyamba kumulanga ngati namwali, za amuna, za mbiri ya mtsikana, za zimene anthu a ku mpingo anganene za nyumba yanga. Kenaka ndinati ndiimbire mayi ake. Mayi akewo Chingerezi sankachidziwa, ndiye womasulira anali Marta yemweyo. Tangoganiza, mwana wa eni atagwira foni akudzineneza yekha m'chilankhulo chawo. Ndinamva kuseka mbali inayo. Marta anandiyang'ana nkhope itafiira n'kunena kuti, "Akuti zikomo kwambiri pondisamala, koma ndine wamkulu." Bambo ako anati, "Amayi a Zione, mwana wa eniyu musiyeni." Ndinawayankha kuti iwo za kulera atsikana sadziwapo kanthu. Lena umupatse kiyi wake. Umupemphe chimodzi chokha, kuti azikudziwitsa ngati sabwera. Adzakhala ndi anzake, adzavala zimene iwe sungavale, mwina adzapeza chibwenzi. Walira mvula walira matope, mwana wanga.

Tsopano ndafika pa nkhani imene ndakhala ndikuizungulira.

Agogo ako atamwalira iwe unali ku Ntcheu, unawaona akutsitsidwa m'manda. Ine pasipoti yanga inali ku ofesi yoona za mapepala, ndipo ndikanatuluka sindikanatha kubwerera ku ntchito. Bambo ako ndiwo anakwera ndege m'malo mwanga. Uthenga unafika m'mawa wa tsiku lopuma la Marta, iye atanyamuka kale kupita kunyanja ku Bray ndi anzake. Pofika masana nyumba yathu ya ku Inchicore inali itadzaza. Anabwera anamwino a ku chipatala cha Beaumont akadali ndi yunifomu, mabanja a ku Ballymun, ana a sukulu a ku yunivesite, abale athu a ku Zambia a ku mpingo. Mipando inatulutsidwa kuseri n'kufunditsidwa pulasitiki, azimayi tinakhala pansi pabalaza, azibambo anaunjikana kukhitchini ndi majekete awo. Anthu anandigwira bwino, sindidzaiwala.

Chakumadzulo kunafika akuluakulu awiri, Mayi Gomani amene anabwera kuchokera ku Lilongwe kudzaona chidzukulu, ndi mayi wina, alamu awo. Amake Daliso, mayi wa ku Zambia uja amene amayendetsa zonse pakagwa zovuta, anagwada pafupi nane n'kunong'ona kuti, "Manje amake Zione, aba bakulu bazagona kuti? Mendo yavimba, sibangagone pansi. Kulibe room ina?"

Ndinayankha osadzutsa n'komwe mutu. "Chilipo chipinda cha mwana. Chotsanimo zake."

Mvetsera bwino apa, chifukwa ndi pamene ndimalumpha ndikamafotokoza nkhaniyi. Chipinda changa ndi bambo ako chinali chopanda munthu. Bambo ako anali mu ndege, ine namfedwa ndinali pansi ndi anthu. Bedi lalikulu linali chigonere, chitseko chokhoma, kiyi nditamangirira pa chitenje. Kuchipinda kwa banja sikulowa alendo, ndi mwambo umenewo, ndipo ndinausunga ngakhale ndili m'misozi. Ndiye usaganize kuti sindinkadziwa kuti chipinda cha munthu ndi chinthu cholemekezeka. Ndinkadziwa bwino kwambiri, koma ndinkadziwa za changa chokha. Cha Marta m'maso mwanga chinali chipinda cha ana, ndipo kwathu akulu akabwera ana amayalula mphasa. Foni inali pamwendo panga. Tsiku limenelo ndinalembera mauthenga anthu a ku London, a ku Joni, a ku Mzuzu. Marta yekha sindinamulembere.

Azimayi anachita zimene ndinawauza. Anatsegula madirowa, anatsitsa zovala, zonse n'kuziika m'matumba akuda aja otayira zinyalala, poti ndiwo anali pafupi, n'kuwakankhira pansi pa masitepe. Pakhoma panali zithunzi zake ali kunyanja ndi abale ake atavala zosambira. Wina anati akuluakulu sangagone akuyang'ana zimenezo, ndiye anazimatula.

Marta anafika anthu ali pakati pa nyimbo. Analumpha mulu wa nsapato pakhomo, osadziwa chimene chachitika, n'kukwera kumtunda. Mayeso anakumana naye pa masitepe, ndipo ndinamumva akuti, "Marta, there's two grannies in your bed." Patapita kanthawi anatsika n'kuima pakhomo la pabalaza. Wina anamuuza kuti mayi anga amwalira. Ukudziwa chimene anachita? Anadutsa pakati pa miyendo ya anthu, anagwada patsogolo panga, anandigwira manja n'kulira nane. Za chipinda sanatchule. Mayi wina anamumanga chitenje pamwamba pa buluku lake n'kumulozera kukhitchini, poti ndi mwana wa m'nyumba, ndipo anayamba kuzungulira ndi tiyi. Usiku anagona pansi m'chipinda cha Mayeso pamodzi ndi ana a anthu. M'mawa ndinamuona atagwada pansi pa masitepe akufufuza mswachi m'matumba aja, ndipo ndinayang'ana kumbali.

Maliro ataikidwa ku Ntcheu anthu anabalalika, koma akuluakulu aja ndinawaumiriza kuti akhalebe masiku angapo, chifukwa Mayi Gomani ankalankhula ngati agogo ako ndipo ndinkafuna kumva mawu amenewo m'nyumba. Marta anapitiriza kugona pansi, kuperekeza Mayeso ku sukulu, kuphika, kutsuka makapu. Ku kalasi yake sanapiteko. Tsiku lina atapereka tiyi atagwada, monga anaonera azimayi ena, Mayi Gomani anati, "Mwamuweta bwino mzungu wanuyu." Zione, ndinakondwa. Mayi anga ali m'manda, maso atatupa, ndinamva kukoma mumtima kuti anthu akaulula ku Lilongwe kuti ine ndili ndi mzungu wogwada. Pa zonse zimene ndalemba, ichi ndicho chimandiwawa kwambiri.

Alendo atapita Marta sanamasule matumba aja. Anabwera kukhitchini, ine ndikupukuta mapoto obwereka, n'kuima pafupi ndi chitseko. Chingerezi chake chinali chodukaduka, koma ndinamva zonse.

"Amayi, ndikufuna kupita. Ndalankhula ndi mayi amene ananditumiza kuno, andipezera banja lina. Koma ndikhala mpaka mutapeza wina wosamala Mayeso."

Ndinati, "Chifukwa cha bedi?"

Anati, "Si bedi ayi. Mukanandifunsa ndikanapereka. Ndikanabwerako msanga n'kuchotsa zinthu zanga ndekha. Ndinafika n'kupeza anthu osawadziwa agwira zovala zanga zam'kati, aziika m'thumba la zinyalala. M'nyumba muno ndinalibe china changa koma chitseko chija."

Mtima wanga uwudziwa mmene umapsera. Ndinaponya nsalu pansi. "Mayi anga ali m'manda, iwe ukulira chitseko? Ine ndakutenga ngati mwana wanga wobala ndekha!"

Sanakweze mawu. Anati, "Mwana wanu akhoza kukwiya, kumenyetsa chitseko, mawa akadali mwana wanu. Ine ndikakwiya ndilibe kogona."

Ndikanakhala pansi pamenepo nkhaniyi ikanatha bwino. Koma ndinamuuza kuti ngati akufuna kupita palibe chodikira, apite lero lomwe. Ndinanena kawiri kuti amve. Kunja kunali mvula. Anaitanitsa takisi, anakoka sutikesi yake ndi matumba akuda aja mpaka pa msewu. Mayeso anamuthamangira ndi masokosi okha, ndipo ine ndinamukoka pa dzanja kumubwezera m'nyumba. Marta sanathawe, Zione. Panalibe mwamuna aliyense. Ndinamuthamangitsa ine, mwana amene anatsanzika mwaulemu, amene anagona pansi masiku onsewo chifukwa cha maliro a munthu amene sanamuonepo.

Mayi wolumikiza atsikana uja anandiimbira mawa lake. Sanandikalipire, anangondiuza mofatsa kuti chipinda cha au pair sichiperekedwa kwa wina popanda mwini wake kulola, ndipo kuti sangathenso kutitumizira mtsikana wina. Lamlungu ku mpingo anthu anafunsa kuti mzungu wanu ali kuti. Ndikanati chiyani, ine amene ndinali nditangotamandidwa kumene? Pakamwa panga panatuluka nkhani ya mwamuna, ndipo azimayi anagwira pakamwa n'kumati atsikana a masiku ano. Itatuluka kamodzi inayamba kuyenda yokha. Bambo ako atabwerako ndinawauza yomweyo. Koma ndikukhulupirira kuti Mayeso anali atawauza kale zoona zake. Mlongo wakoyu nthawi zonse ndikayamba nkhani ya Marta amanyamuka. Dzulo lomweli pamene unkalankhula anatenga mbale yake n'kukadyera kumtunda. Iwe unati ndi mwano wa ana okulira kuno. Si mwano, mwana uja anaona.

Marta ndinakumana naye kamodzi, patapita miyezi, m'tauni pa Henry Street. Ankakankha ngolo ya mwana, kamtsikana kena kakumugwira chovala, akuseka, Chingerezi chikutuluka bwinobwino. Anali asanandione. Ine nesi wamkulu, mayi wa mvano, ndinalowa m'shopu ya nsapato n'kuima kuseri kwa shelefu ndikutembenuza nsapato ya bambo mpaka atadutsa. Umenewo unali mwayi wanga wopepesa ndipo ndinauphonya ndikuona. Pano anabwerera kwawo kalekale, ndipo pepala la adiresi yake ndinaling'amba tsiku lomwe lija ndili ndi ukali. Ndiye pepani wanga alibe kopita. Ndangotsala ndi iwe ndi Lena.

Tamvera tsono, make Tamanda. Lena umupatse chipinda chenicheni, chija chachiwiri cha windo loyang'ana kuseri. Kabedi ka Tamanda kakhale kwanu kapena m'kachipinda kakang'ono kaja, chifukwa mtsikana amene wagona ndi mwana ndiye kuti akugwira ntchito usiku wonse, ndipo simunagwirizane zimenezo. M'chipinda chake musasungiremo masutikesi anu kapena matumba a ufa. Ukafuna kulowa ugogode, ndipo udikire ayankhe, ngakhale nyumbayo ndi yako. Ukaona kuti sayala bedi, tseka maso, si bedi lako. Uwauze bambo a Tamanda zomwezi, chifukwa anthu a kwathu akamva kuti muli ndi nyumba ku Galway adzabwera, ena osanena, ndipo mkamwini wangayu ndi wamanyazi, sangabweze munthu. Ufunse, Zione, ndipo ufunse mwa njira yoti ayi akhale wotheka.

Usayembekezere mngelo. Adzapsereza mpunga, adzaiwala kuzimitsa chotenthetsera nyumba, kubereka mwana kumbuyo sadzadziwa mpaka utamuonetsa, ndipo akamadzaphunzira udzagwira mtima. Adzakhala nthawi yaitali m'bafa iwe ukuchedwa ku ntchito. Zikakuvuta umuuze pomwepo, mwachindunji, m'Chingerezi chosavuta. Usachite zathu zija zokhala chete n'kumamenyetsa mapoto kuti munthu azindikire yekha, chifukwa sadzazindikira. Ndipo chaka chikatha adzapita, Tamanda atamuzolowera, n'kulira masiku angapo akumufuna. Kumeneko si kuthawa kapena kusayamika. Mlendo ndi mame, ndipo ameneyu anabwera akudziwa kale tsiku lake lobwerera. Umuperekeze ku eyapoti, usunge adiresi yake.

Chomaliza ndi ichi, ndipo ndichovuta kuposa zonse. Ndikudziwa kuti chipinda chachiwiricho mumtima mwako wasungira ine. Pa Khirisimasi ndidzabwera. Ndidzafika nditatopa ndi basi, msana ukundiwawa, ndidzayang'ana sofa wanuyo, ndipo ndidzayamba. Ndidzati ndinakulera bwanji iwe, mayi ako kugona pabalaza mlendo ali pabedi. Mwina ndidzalira. Mwina ndidzaimbira azakhali ako pamaso pako kuwauza kuti mwana wanga wasanduka mzungu. Zimene ndalemba panozi ndidzakhala nditaziiwala, kapena ndidzati zinali zina. Bambo a Tamanda adzakunong'oneza kuti Lena asunthe masiku ochepa okha. Lena yemwe, akadzaona mayi wachikulire akugwira msana, mwina adzayamba kunyamula pilo wake mwamantha. Umubwezere m'chipinda chake. Ine undiyalire pa sofa, undipatse bulangeti, uzimitse magetsi, undisiye ndikung'ung'udza mumdima. Umvere mayi ako amene akulemba lero, osati amene adzatsike basi pa Khirisimasi.

Muyende bwino, Mulungu akutsogolereni pa msewu. Tamanda umuveke chipewa.

Ndine amene ndinakubala, ndipo pa ichi chokha usanditengere,

Mayi ako